Masiku Atatu ndi Mutu wa Njiri

Pa Landirova ya boma, kuchoka pa kampu yathu kukafika ku Mzimba unali ulendo wa m'mawa umodzi. Ine ndinauyenda masiku atatu, kumanja kwanga kuli nkhalamba yomangidwa unyolo, kumanzere thumba lonunkha. Ndakalamba tsopano ndipo maulendo ambiri ndawaiwala, koma uwu ukukana kuchoka m'mutu.

Dzina langa ndine Laisoni, kwathu ndi ku Ntchisi. Nthawi ya chipani chimodzi ndinkagwira ntchito yolondera nyama zakutchire, ife amene anthu ankatitcha agemu. Ananditumiza pa kampu ina yaing'ono kumalire a Mzimba ndi Kasungu. Boma linali litangokuza kumene nkhalango yosungiramo nyama, midzi ingapo n'kusamutsidwa, anthu n'kukawataya pa mtunda wamiyala kunja kwa malire. Mmodzi mwa osamutsidwawo anali a Zgambo, mkulu wa mpingo, munthu wamtali wa imvi mbuu. Nditafika kumeneko sindinkatha kusiyanitsa phazi la fisi ndi la galu. Anandiphunzitsa ndi iwowo. Anandionetsa kumene njati zimamwera madzi m'chilimwe, ndiponso mmene munthu amayendera kuti mphepo isamuulule kwa njovu. Ankanditchula kuti "mwana wane", ine ndinkati "adada".

Tsiku lina m'mwezi wa Febuluwale, tikulondera ndi bwana wathu wa pa kampu, tinamva khasu likugunda miyala pamene panali mudzi wakale wa a Zgambo. Tinawapeza a Zgambo pa manda a akazi awo, NyaTembo. Njiri inali itakhazikika m'dzenje pansi pa mtumbira weniweniwo, n'kumagonamo. Mayi wina wozemba kukazula bowa m'nkhalangomo ndiye anakawauza a Zgambo. Iwo anabwera, anaifukiza utsi, itatuluka n'kuitema ndi nkhwangwa. Inali gone pambali, osasendedwa n'komwe. A Zgambo anali kalikiliki kukwirira dzenje.

"Mukudziwa kuti muli m'nkhalango ya boma?" bwana anafunsa.

"Enya, ndikudziwa," anayankha a Zgambo. "Nanga ndikanatani, bwana? Nkhumba izigona pachifuwa pa mkazi wanga?"

Bwana anati lamulo silifunsa chifukwa. Anadula mutu wa njiri ija n'kuuika m'thumba la feteleza kuti ukakhale umboni kukhoti. Nyama yotsalayo tinadya pa kampu. Ndinadya nawo, sindibisa.

Landirova inali itapita kukatenga alendo akunja odzajambula njovu, choncho bwana anati mkaidiyo ndimuperekeze ine pa basi. Anandipatsa kalata, waranti yokwerera basi, ndi kiyi wa unyolo. Ndinasaina m'buku kuti ndalandira munthu mmodzi ndi mutu umodzi.

Tinanyamuka dzuwa lisanatuluke, wapansi. Thumba ndinalimangirira pa kaliyala ya njinga, ine n'kumaikankha, a Zgambo patsogolo manja ali pamodzi ngati akupemphera. Njira inadutsa m'mudzi wawo watsopano. Mwana wawo wamkazi, NyaZgambo, anali ataima kale m'mbali mwa njira ndi jekete la bambo ake ndi mtedza wokazinga m'kansalu. Kumbuyo kwake kunali munda wa chimanga umene njovu zinali zitaupondaponda sabata yathayo. Anawaveka bambo ake jekete pamapewa, kenako anatembenukira kwa ine.

"Inu a Laisoni, si inu nomwe mumadyera mbale imodzi ndi adada?"

"Ndangotumidwa, mlongo."

"Njovu zitalowa m'munda umu tinakuitanani. Simunatumidwe?"

Ndinakankha njinga.

Tinayenda mpaka dzuwa pamutu. Pa sitolo ina ya m'njira ndinasiya njinga kwa mwini sitolo, ndipo tinakwera ngolo ya ng'ombe yonyamula nkhuni kupita ku Jenda. Mwini ngoloyo ataona unyolo anafunsa kuti akuluwo aba chiyani. Nditamufotokozera analavula pansi, ndipo sanalankhulenso nane njira yonse. Ankangocheza ndi a Zgambo m'Chitumbuka, chimene pa nthawiyo ndinkachimva mwapatalipatali.

Ku Jenda tinafika masana ndithu. Anatiuza kuti basi yopita ku Mzimba ibwera posachedwa. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango pamodzi ndi amayi a mitanga ya tomato ndi mnyamata wina wonyamula malata awiri. Mvula inagwa, inakata, dzuwa linawombanso. Thumba lija linayamba kuitana ntchentche. Amayi a tomato anasuntha mitanga yawo. Basi inafika cha m'ma foloko, itadzaza mpaka pakhomo, ndipo kondakitala anangotulutsa mkono pawindo n'kuugwedeza. Sinaime n'komwe.

Tili chikhalire choncho anatulukira anyamata atatu a malaya ofiira, akuona makhadi a chipani. Langa linali m'thumba la malaya. La a Zgambo linatsala kunyumba.

"Awa ndi akaidi," ndinatero. "Ali m'manja mwa boma."

"Mkaidi si wachipani?" anafunsa wamkulu mwa iwo. "Nanga m'thumba umu muli chiyani?"

Ndinamasula kukamwa kwa thumba. Anasuzumira, anagwira mphuno n'kudumphira kumbuyo, anzake n'kumuseka. Anachoka akutukwana, za khadi ataiwala. A Zgambo anaseka pang'ono, koyamba chichokereni pa kampu.

"Mwaona, abwana," anatero, "nkhumba yandithandiza."

Mawu akuti "abwana" aja anandibaya. Chiyambire kudziwana kwathu anali asananditchulepo choncho.

Tinagona pakhonde la sitolo. Kutacha tinadikiranso, basi osabwera. Cha m'ma naini inaima lole yonyamula matabwa ochokera ku Chikangawa, ikupita ku Embangweni, kumene tikanapezako basi ina ya ku Mzimba. Dalaivala anayang'ana waranti yanga n'kundibwezera.

"Pepala ili silithira dizilo, achimwene."

Ndinapisa m'thumba mwanga. Tinakwera pamwamba pa matabwa, ndipo kuti a Zgambo akwere ndinachita kuwakankha kumbuyo, poti ndi manja omangidwa sakanatha kugwira. Utomoni wa paini unatimata m'mabuluku. Msewu unali matope okhaokha. Lole inkapendekera uku ndi uku, ndipo nthawi iliyonse ikagwa m'dzenje chitsulo cha unyolo chinkawadya a Zgambo pamkono. Sanadandaule. Ndinangoona magazi pa mkono wa jekete.

Titayenda ngati ola limodzi, tayala lakumbuyo linaphulika. Lapadera linalipo koma linali lopanda mpweya, ndipo pampu inali itatsala ku Chikangawa. Dalaivala anabwereka njinga pamudzi wapafupi, anamangirira tayalalo pa kaliyala n'kubwerera ku Jenda. Tinatsala awiri pansi pa lole, tikubisala dzuwa. Tinadya mtedza wa NyaZgambo. Anandigawira, ine n'kulandira.

Malo amenewo si kutali ndi malire a Zambia. Tinjira ta njinga topita ku Lundazi tinkaoneka kumadzulo, tikulowa m'minda. Ndinayang'ana uku ndi uku, kunalibe munthu. Ndinatulutsa kiyi n'kumasula unyolo.

"Adada, njira ndi iyo. Ndikanena kuti munandizemba ndili kuthengo."

Anasisita mikono yawo nthawi yaitali asanayankhe.

"Yayi. Ndithawire kuti? Munandichotsa kale pamudzi kamodzi, ndichokenso m'dziko? Ndikathawa akagwira mwana wanga. Ndiponso inu ntchito ikutherani." Kenako anapitiriza. "Nyama zija ine sindidana nazo, a Laisoni. Ndili mnyamata zinali zambiri chomene, kenako zinatha ndi mfuti, ndinaona ndi maso angawa. Kuzisunga n'kwabwino. Koma akanatifunsa. Tikanawauza kuti sungani kuyambira pamtsinje, manda mutisiyire. Mbwenu anangobwera ndi mapu."

Anatambasula okha manja kuti ndiwamange. Ndinawamanga, koma molekerera.

Dalaivala anabwera dzuwa litapendeka, akutukwana tayala, pampu, ndi mwini lole. Tinalowa mu Embangweni madzulo, belu la tchalitchi likulira. Pamenepo a Zgambo anandipempha chinthu chimodzi.

"Ndapota, ndifunditseni jekete pamanja. Kuno amandidziwa. Ndakhala pa misonkhano ya mpingo muno."

Ndinawafunditsa, koma sizinabisike. Munthu sayenda manja ali kutsogolo pambali pa wa yunifolomu anthu osazindikira. Ndinapita nawo kuchipatala cha mishoni, kumene namwino anatsuka chilonda cha pamkono n'kuchimanga. Potuluka tinakumana ndi a Jere, mkulu mnzawo wa mpingo, amene anatitengera kwawo. Akazi a a Jere anatipatsa madzi osamba ndi chakudya. Ine anandiikira changa pandekha, pa kampando ka pakhonde. Palibe anandinyoza, palibenso anandifunsa dzina. M'nyumba anayimba nyimbo, anapemphera, ndipo ndinamva a Zgambo akunditchula m'pempherolo. Thumba ndinalipachika pa mtengo wa gwafa kuopa agalu. Fungo lake linali litafika poti ngakhale ine wolinyamula ndinkachita nalo nseru.

Tsiku lachitatu basi inabwera m'mawa, ndipo waranti inagwira ntchito. Kondakitala, munthu wamfupi wanthabwala, ananunkhiza kamodzi kokha.

"Maliro awa akwera pamwamba," anatero, n'kuponya thumba pa denga pakati pa njinga ndi mitolo ya nzimbe.

Anatiuza kuti msewu wachidule watsekeka, madzi akudutsa pamwamba pa mlatho, choncho tizungulira ku Manyamula. M'basimo munali amayi obwera kuchipatala ndi makanda, ana asukulu, nkhuku zomangidwa miyendo, ndi bambo wina wa suti yakuda amene anakhala pampando wakutsogolo. Anali ndi baji ya chipani pachifuwa ndi kabuku m'manja, ndipo sankalankhula ndi munthu. Masiku amenewo munthu wotero akakwera basi, nkhani zonse zinkasanduka za mvula.

Komabe nkhani ya a Zgambo inayenda mpando ndi mpando monong'ona. Mayi wina wachikulire anawapatsa chimanga chootcha. Wina kumbuyo kwanga ananena mokweza pang'ono kuti, "Masiku ano nkhumba yakutchire ili ndi apolisi ake." Ena anaseka m'manja.

Tisanafike ku Manyamula basi inatitimira pa dambo. Amuna tonse tinatsika kukakankha. Ndinawauza a Zgambo kuti akhale, koma anatsika, n'kuika phewa pa basi manja ali omangidwa. Tinathyola nthambi, tinanyamula miyala, matayala anatimwaza matope kumaso. Zinatitengera maola awiri. Bambo wa suti sanatsike.

Ku Manyamula tinaima kuti injini izizire. Anthu anagula nthochi ndi zitumbuwa. Dzuwa linali litatentha denga, ndipo madzi akuda ochokera m'thumba lija anayamba kutsikira pa windo limodzi. Mayi wokhala pamenepo anakuwa, mwana wake anasanza. Kondakitala anakwera pa denga kukakonza katundu. Sindinaone chimene anachita.

Titayenda mtunda ndithu kuchoka pa Manyamula, pamalo okwera, ndinamva chinthu chikugubuduka pa denga, kenako phii pamsewu. Ndinacheuka. Thumba langa linali gone m'matope kumbuyo, likucheperachepera. Kondakitala anabwera pafupi nane ngati akuona matikiti, n'kuwerama.

"Simunamve kanthu, achimwene," ananong'ona. "Palibe mutu, palibe mlandu. Katundu amagwa tsiku lililonse pa msewu uno."

Aliyense anamva kugwa kuja ndipo aliyense ankayang'ana kutsogolo. A Zgambo anatsinzina. Dalaivala anawonjezera moto.

Pamenepo bambo wa suti uja anatembenuka. Anandiyang'ana, anayang'ana unyolo, kenako anatsegula kabuku kake n'kulemba kanthu.

Ndinakumbukira dzina langa m'buku la pa kampu. Ndinakumbukira anthu amene ankangotengedwa osabwereranso, pa zifukwa zochepa kuposa ichi. Mkazi wanga anali ndi pakati ku Ntchisi. Ndikhoza kuwonjezera zifukwa zina, ndakhala ndikuziwonjezera zaka zonsezi. Chimene chinachitika n'chakuti ndinaimirira n'kumenya denga ndi chikhatho.

"Imani! Katundu wa boma wagwa!"

Basi inaima monyinyirika. Ndinatsika ndekha n'kubwerera m'mbuyo wapansi, nsapato zikumira m'matope. Unali mtunda wautali kuposa mmene ndinkaganizira. Ndinapeza makwangwala awiri atafika kale. Thumba linali litang'ambika, mano a njiri ali panja, mphutsi zikuyenda. Ndinalimanga ndi luzi n'kulisenza paphewa. Pobwerera ndinaona nkhope m'mawindo onse zikundiyang'ana.

"Pamwamba silikweranso," anatero kondakitala, osandiyang'ana kumaso. "Ndi lanu. Likhale pamiyendo panu."

Ndinalifungata mpaka ku Mzimba. Anthu anathawa mipando yoyandikana nane, kupatula a Zgambo, amene analibe kothawira. Sanandidzudzule. Anangotembenukira ku windo, ndipo sanandilankhulenso.

Tinafika pa depoti ya Mzimba dzuwa likulowa. Potsika, bambo wa suti uja anandigwira pamkono.

"Pepani, bwana," anatero mwaulemu, akunditsegulira kabuku kaja. "Ine ndine telala, ndili ndi mashini pamsika apa. Ndimaona kuti yunifolomu yanu yatha pakolala. Agemu mulipo angati kwanuko? Ndikhoza kukusokerani nonse pamtengo wabwino."

M'kabukumo munali miyeso ya mathalauza.

Ndinawapereka a Zgambo kupolisi. Wapolisi wa pa kauntala anasaina kalata yanga, analamula kuti thumba likaikidwe kuseri kwa nyumba, n'kundibwezera unyolo. Mlandu unalowa patapita masiku awiri. Ndinaima m'bokosi n'kunena zimene ndinaona. Mutu anaubweretsa pakhomo la khoti, woweruza anauona ali patali atatseka mphuno ndi mpango. Anagamula miyezi isanu ndi inayi, ponena kuti ena atengerepo phunziro. Akuwatulutsa ndinaitana kuti, "Adada." Sanacheuke. Mwina sanamve.

Kubwerera kunali kosavuta. Basi inabwera pa nthawi yake, msewu unali utauma, njinga ndinaipeza pamene ndinaisiya. Bwana anandiyamikira pamaso pa anzanga.

Patapita miyezi inayi kunabwera kalata pa kampu, poti adiresi yathu ndiyo inali pa mapepala a mlandu. Inanena kuti mkaidi Zgambo anadwala chifuwa nyengo yozizira, anamwalira, ndipo popeza achibale anali kutali anaikidwa kale pa manda oyandikana ndi ndende. Bwana anati popeza mudziwo ndikuudziwa, uthengawo ndikapereke ine.

NyaZgambo ndinamupeza akupeta mapira pabwalo. Ataona kalata m'manja mwanga anaika lichero pansi. Ndinamuwerengera, kenako ndinabwereza m'mawu anga. Sanalire pomwepo. Anangokhala pansi.

"Manda amenewo," anafunsa, "ali mkati mwa nkhalango yanu?"

"Ayi, mlongo. Ali kutali, kutauni."

"Ndiye tikhoza kupitako kukasesa, osamangidwa?"

"Mukhoza."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono n'kutolanso lichero lake.

"Mbwenu yewo, abwana," anatero. "Pamenepo mwatichitira zabwino."